Dothi Losamera Udzu

Loweruka lapitali, ndisanamwe n'komwe tiyi, foni inalira. Anali amayi anga aang'ono a ku Kanyama, amene anthu a mumzere mwawo amawadziwa ndi dzina loti Amake Misozi. Masiku onse moni wawo umayambira pa ine, n'kudutsa kwa mkazi wanga ndi ana, mpaka kukafika kwa a landilodi. Tsiku limenelo moni panalibe.

"Bwela na fosholo," anatero. "Mulungu watikumbukila."

Amayi amenewa akakuitana sufunsa mafunso. Ndi iwo amene anandisunga nditangofika mu Lusaka kuchokera ku Katete, ndili ndi buluku limodzi ndi njala yosatha. Ndiye ndinabwereka fosholo kwa a landilodi kuno ku Matero n'kukwera nayo basi, kondakitala akundifunsa ngati nayonso ilipira mpando.

Kuti mumvetse chimene chinawasangalatsa chonchi, muyenera kuidziwa nyumba yawo. Pamene malemu amuna awo ankaimanga, munthu ankakwera masitepe awiri kuti alowe pakhomo. Lero umatsika, ndipo ukakhala wamtali umawerama kuti mphumi isagunde felemu. Nyumbayo sinatitimire ayi, ili pomwe inali. Chimene chakwera ndi dziko loizungulira.

Inu a m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi George simukufunika kuti ndikufotokozereni. Malo athu ndi athyathyathya, pansi pake pali mwala moti ena zimbudzi amazimanga m'mwamba n'kuikako masitepe, ndipo ngalande zimene zinalipo zinadzaza kalekale ndi mapulasitiki ndi matewera a ana. Mvula ikagwa, madzi amangoima n'kumatiyang'ana. Ndiye munthu amatani? Amaitanitsa tipa, lole yotsitsa yokha ija, yodzaza dothi, kapena zibuma za nyumba yogumulidwa, kaya chilichonse chimene chingaunjikike, n'kukweza bwalo lake. Madzi aja amasamukira kwa neba. Chaka chotsatira neba nayenso amakweza lake, n'kupitirirako pang'ono kuti mnzake aone. Madzi amasamukanso.

Palibe amene amatulutsa madzi m'komboni, timangopatsirana. Amene amatsala nawo ndi uja alibe mphamvu zokwezera bwalo, ndipo mumzere umenewu munthu wake ndi amayi anga, amene ndi amasiye ndiponso mawondo anayamba kale kuwavuta.

Chaka chilichonse mvula ikalimba bedi lawo limakwera pa mabuloko, thumba la ufa limakwera pa wadirobu, mbaula pa tebulo. Madzi amene amalowa m'nyumbamo si a mvula okha, amakhala atayamba adutsa m'zimbudzi za mzere wonse. Ndinawapezapo ali chiimire pakati pa chipinda, madzi atapitirira akakolo, akuwaza kolorini ngati akuthira mchere m'ndiwo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene amayi anga ali nacho, chimene anzawo a mabwalo okwera alibe. Kuseri kwa nyumba kuli chitsime. Anakumba ndi malemu aja, akumawotcha matayala pamwala kuti ung'aluke, n'kumaugumula ndi hamala pang'onopang'ono mpaka madzi anatuluka. Madzi akumwa amakatunga ku kiyosiki ngati wina aliyense, koma kuchapa, kusamba, kuthirira repu ndi chibwabwa zimene amalima m'mbali mwa mpanda, zonsezo ndi chitsimecho. Mpope wa ku kiyosiki ukauma, zimene si zachilendo, mzere wonse umabwera ndi zigubu kwa Amake Misozi, anthu n'kukawiritsa madziwo n'kumwa. Pakamwa pa chitsimecho anamangapo mabuloko, amavundikirapo lata, ndipo madzi osefukira akaphwa amachikapa, n'kuthiramo kolorini, n'kuchisiya chidikhe. Mayi wamasiye wopanda katundu amapatsidwa moni wokweza m'komboni chifukwa cha chitsime chimenechi. Iwo amati ndi chinthu chokhacho chimene amuna awo anawasiyira chimene achibale analephera kukweza m'lole.

Nditafika, fungo linandilandira ndisanaone chilichonse. Linali fungo la galaja. Pageti panali mulu wa dothi wonditalikira, lakuda bii, lonyezimira padzuwa. Abambo a mumzeremo anali atasonkhana ndi mawilibala, amayi atamanga zitenje zogwirira ntchito, ndipo wotsogolera zonse anali a Daka.

A Daka ndi neba wa kudzanja lamanja, mkulu wa mpingo, munthu wabwino zedi, ndipo sindikunena monyoza. Maliro akagwa ndi iwo amayamba kufika ndi tenti. Bwalo lawo ndi lokwera kuposa onse mumzerewo, ndipo ndikhulupirira kuti chaka chilichonse akamaona madzi awo akutsetserekera kwa mayi wamasiye, mtima umawawawa.

"Ba Mbewe, mwafika!" anandiitana. "Onani vamene tachitila ba mami banu."

"Ba Daka, doti iyi yachoka kuti?"

"Ku indasitiliyo uko. Penze galaji ya vimalole, manje bafuna kumangapo mashopu, so bachosa doti yonse ya pamwamba. Dilaiva enze ayenda kuitaya kutali maningi. Namuimika pa museu, nakamba naye mushe, namuuza ati kuli muzimai wamasiye wamene avutika na manzi. Anvela chifundo. Mahala, ba Mbewe, kulibe kulipila, mahala!"

"Nanga ngati ni doti yabwino, bene bake baichoselanji?"

Anandiyang'ana momwe umayang'anira mlendo amene wamuphera nkhuku iye n'kuyamba kufunsa ngati inkadwala.

"Kaili bantu ba kumayadi baopa vilivonse."

Ndinatapa dothilo pang'ono m'manja. Linamata ngati ndiwo ya chikanda, ndipo nditalitaya chikhatho chinatsala chakuda ndi choterera. Ndinapalasa muluwo ndi fosholo. Munatuluka sefa ya oyilo yophwanyika, sanza zouma ndi girisi, mabawuti, ndi zidutswa za mabatire a malole, zina zikadali ndi timbale totuwa ta mtovu tija m'kati mwake.

"Iyi doti siyabwino, ba Daka. Ili na oilo, ili na va mumabatili."

Anaseka, abambo enawo n'kuseka nawo.

"Ndiye ubwino wake uyo! Iyi ni doti ya mphamvu. Simamela mauzu. Chiswe sichibwela. Nyelele, zilo. Fumbi kulibe. Mukaiponda mushe inkala monga tala. Ine pa yadi panga nimachita kupempha oilo yakusila ku magalaji, nathila neka. Iyi yabwela yothila kudala."

Tawerenganinso mawu amenewo pang'onopang'ono. Silimera udzu. Chiswe sichibwera. Nyerere zimathawa. Ndipo munthuyo akuliyamikira dothilo, sakulidandaula.

Ambiri a ife m'makomboni muno ndife ana a alimi. Bambo anga akafuna potsegula munda ankayamba ayang'ana udzu, ukakhala wautali ndi wobiriwira ankadziwa kuti apo m'pabwino. Akakumba n'kupeza nyongolotsi ankamwetulira. Malo amene udzu unkakana ankawalambalala, ngakhale mbuzi sankamangirirapo. Ana a anthu omwewo tafika m'tauni, ndipo tikuliombera m'manja dothi chifukwa choti palibe chamoyo chingakhalemo. Nyerere yanunkhiza n'kubwerera, ife tikuti bweretsani mawilibala. Kodi nzeru zija tinazisiya pa siteji ya basi ku Katete?

Zimenezi zimandikwiyitsa, ndipo sindibisa, chifukwa si a Daka okha. Yendani m'mawa wa mu Okutobala m'komboni iliyonse, mupeza wina akuwaza oyilo wakutha pabwalo kuti fumbi ligone. Chimbudzi chikanunkha timathiramo oyilo yemweyo, ena mpaka asidi wa m'batire, ati mphutsi zife. Chikadzaza timachikwirira, pakapita kanthawi n'kumangapo chipinda cha lendi. Ine ndinakhalamo m'chipinda chotero ku Chawama ndisanakwatire. Mwendo umodzi wa bedi unkatsika mwezi ndi mwezi, chitseko chinayamba kukana kutsekeka, ndipo mwini nyumba ankati vuto ndi loti ndimagona mbali imodzi. Tinadziwa zoona zake tsiku limene simenti inang'ambika pakona, fungo n'kutiuza mbiri ya malowo.

Maenje amene anthu anakumbamo miyala timawadzaza ndi zinyalala, n'kuwaza dothi lofiira pamwamba, n'kuwatcha mapuloti. Kwa ife chinthu chikakwiririka ndiye kuti chapita. Chapita kuti? Mwala uli pansi pa Kanyama ndi wa ming'alu ndi mphako. Chimene wathira pageti lero chimayenda pansi mwakachetechete n'kukatulukira m'ndowa ya munthu wina.

Tikamva za nthaka ya poizoni timaganiza za matauni a migodi, n'kumawamvera chisoni anzathu a kumeneko. Ife yathu timachita kuiimitsa pamsewu n'kuilozera njira.

Ndinawakokera pambali amayi anga, kuseri, pafupi ndi chitsime.

"Amama, iyi doti izaononga chisime. Mvula ikabwela, vonse ivi vizangena pansi."

"Chepesa mau," anandidula, akuyang'ana ku geti. "Ufuna kunichitisa nsoni pamenso pa bantu?"

"Sinifuna kukuchitisani nsoni, amama. Nifuna chabe…"

"Iwe ugona pouma ku Matero. Unagonapo pa bedi unvela manzi yagunda mabuloko pansi pako? Chaka chatha ninadwala mumimba, unaniona weka. Manje bantu baninvelela chifundo, babwela beka na mawilibala, ine niime nikambe ati chosani doti yanu inunka? Aba bantu ndiye bazaninyamula nikafa, mwana wanga, osati nyuzipepala yako yamene ulembamo."

Inu mukanayankha chiyani? Ndiponso muluwo unali utatsitsidwa kale, utatseka geti, tipa itapita. Dothi loipa likangotsika pakhomo pako lasanduka lako. Ulinyamula ndi chiyani, ndipo ukalitaya pakhomo pa yani?

Ndinaimbira foni mnzanga Yotamu, amene ntchito yake ndi kupima nthaka anthu asanamange msewu. Ndinkafuna munthu woti andiuze kuti ndikungochita mantha achabe. Sanandiuze zimenezo. Anati dothi la oyilo silolimba n'komwe. Limaoneka logwirana m'chilimwe, koma silimangana, ndipo mvula ikabwera limaterera n'kumatulutsa mafuta ake pang'onopang'ono. Bwalo lolimba, anatero, limapangidwa ndi dothi lofiira la timiyala lija, lopanda zinyalala. Umayala lochepa, n'kuwaza madzi, n'kutsindira mpaka phazi lisasiye chizindikiro, kenako n'kuyalanso lina pamwamba pake. Likakhala la makande umasakanizamo laimu, likakhala la mchenga umasakanizamo simenti pang'ono. Ndipo umalipendeketsa kuti madzi alowere ku ngalande, osati kwa neba.

Ndinamufunsa za lakudali. Anati dothi lotero lili ndi kochizira kwake, kutali ndi zitsime, pamalo oyalidwa bwino pansi kuti kanthu kasadonthe. Kumeneko amaliyala, n'kulisakaniza ndi manyowa ndi utuchi, n'kumalitembenuza kwa miyezi kuti tizilombo ta m'nthaka tidye mafutawo. Koma mtovu wa m'mabatire palibe kachilombo kamene kamaudya. Umenewo amaumanga ndi simenti n'kuutsekera poti madzi asaufike, ndiponso poti ana asaseweretse.

"Uza bantu baichose, mudala," anamaliza choncho. "Lelo lamene."

"Niichose na chani? Na fosholo ya ba landilodi?"

"Apo pavuta," anatero.

Ndinabwerera kwa a Daka kukapempha chimodzi chokha, kuti mbali ya chitsime aisiye. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anandilozera ndi chala kuti chitsimecho chili pangodya yotsika kwambiri, ndipo tikasiya potsika pamenepo madzi onse a pabwalo adzakathera pomwepo. Chokwiyitsa n'chakuti apa sananame. Ndinayesa ina. Ndinati manja onsewa, mawilibala onsewa, bwanji osakafukula ngalande ija ya kumapeto kwa mzere kuti madzi atichokere tonse?

"Awe, ba Mbewe," anatero. "Dileneji ni ya boma."

Ngalande ndi ya boma, bwalo ndi langa, madzi ndi a neba. Umo ndi mmene tinagawirana zinthu m'komboni, ndipo sindikudziwa kuti msonkhano wake unachitika liti.

Pofika masana muluwo unali utatha. Anauyala bwalo lonse mpaka m'khosi mwa chitsime, akutsindira ndi chitini cha penti chodzaza simenti chokhala ndi mpini. Amayi a mumzeremo ankaimba nyimbo za kutchalitchi. Fosholo ya a landilodi inagwira ntchito m'manja mwa ena. Ine ndinangowonjezera mzere wina wa mabuloko pakamwa pa chitsime n'kumata m'mbali mwake, ndikudziwa bwino lomwe kuti ndikutseka pamwamba chinthu chimene chimamwera pansi. Amayi anga anatulutsa munkoyo woti anthu amwe, a Daka anapereka pemphero lothokoza, ndipo ndisaname, bwalolo linkaoneka bwino, losalala ngati msewu wa kumayadi.

Lolemba mtima unakana kukhazikika, ndiye ndinapita ku dera la mafakitale kukasakasaka kumene dothilo linachokera. Ndinapeza malo otchingidwa ndi malata, ofanana ndi amene a Daka anafotokoza. Sindingalumbire kuti ndi omwewo, ndipo sinditchula kuti ali pati. Ndinasuzumira pageti. Anthuni, zimene Yotamu anandiuza pafoni ndinaziona ndi maso. Matipa akutsitsa dothi lofiira loyera bwino, chimakina china chikuliyala mopyapyala, thanki ya madzi ikuwaza pambuyo, chimakina cha chigudumu chachitsulo chikutsindira mpaka nthaka kunjenjemera m'mapazi mwanga. Munthu wina wa chipewa choyera ankayendayenda akupima, pena n'kubweza anthu kuti abwerezenso.

Ndiye kuti njira yake ikudziwika. Si nzeru za kunja kwa dziko ayi, zikuchitika mu Lusaka momwemuno, ulendo wa basi imodzi kuchokera ku Kanyama.

Ndinafunsa kapitawo amene anabwera pageti kuti dothi lakuda limene linali pamenepo linapita kuti.

"Inayenda ku dampu, kotayila vinyalala," anatero.

"Munaiona ifika?"

"Bosi, ise nchito yathu ni kukweza. Tipa ikachoka pa geti, ni nkani ya ba tilansipoti."

Ndinabwerera ku Matero ndikudzifunsa kuti ndikwiyire yani. A Daka? Iwo anachita zimene mtima wabwino umachita ukakumana ndi tipa pamsewu. Dalaivala? Iye anapulumutsa dizilo, n'kudalitsidwanso ndi mkulu wa mpingo tsiku lomwelo. Amene ndikumufuna ine ndi mwini mashopu. Iyeyo anadziwa kuti dothilo ndi loipa, n'chifukwa chake analichotsa. Koma tipa itangotuluka pageti pake nkhani inathera pomwepo. Sanafunse kuti yakatsitsa kuti, ndipo palibe amene adzamufunse. Malo ake ayera, posachedwa tidzapita kukajambulitsa zithunzi pakhonde pake, pamene uve wake uli pansi pa zenera la mayi wamasiye.

Ndiye pali aja timawasankha pa voti, amene ngalande amazikumbukira madzi akafika m'chiuno. Amabwera atavala majombo atsopano, wojambula ali pambuyo, n'kutiuza kuti tisiye kumwa madzi a m'zitsime. Zoona, madzi a m'zitsime zathu ndi okayikitsa, ndani sadziwa? Koma mpope ukauma anthu amwe chiyani, malangizo? Ndipo ndi liti pamene munthu anaimapo pamsika kapena pa tchalitchi n'kutiuza m'chilankhulo chathu kuti dothi lokwezera bwalo lili ndi loyenera ndi losayenera, kuti kolorini amapha tizilombo koma oyilo samukhudza, kuti kuwiritsa madzi sikuchotsa mtovu? Kusamba m'manja timaphunzitsidwa chaka chilichonse, pa wailesi, pa zikwangwani, pa zokuzira mawu. Za nthaka imene tikupondapo palibe amatiuza kanthu.

Ife eni akenso tisadzichotsepo. Munthu akatipatsa nyama ya mahala pamsewu timayamba tainunkhiza, n'kufunsa kuti ng'ombeyo yafa ndi chiyani. Dothi la mahala, fungo lake likumveka munthu usanakhote pakona, timangofunsa kuti tilipu ina ibwera liti. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti anthu a mumzere muja amakondanadi. Anasiya ntchito zawo, ena anatseka tuntemba tawo togulitsiramo malonda, n'kupereka m'mawa wathunthu chifukwa cha mayi mmodzi wamasiye. Mphamvu zilipo, chifundo chilipo, mawilibala alipo. Koma zonsezo timazigwiritsa ntchito pokankhira madzi pakhomo lotsatira.

Mvula inagwa Lachitatu masana, yoyamba yeniyeni, ija imazula zikwangwani. Lachinayi m'mawa ndinapita ku Kanyama, nsapato zili m'manja kuyambira pamsewu waukulu.

Pabwalo pa amayi anga panalibe thamanda ngakhale limodzi. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire amuna awo, mvula yotero inagwa bedi osakwera pa mabuloko. Anandilandira akumwetulira, ndipo ndinasangalala nawo, chifukwa kugona pouma si chinthu chaching'ono. Madzi aja anali atasamukira kuseri, kwa Bana Chanda, mayi wogulitsa tomato pamsika, amene tsopano nyumba yawo ndiyo yotsika kuposa zonse. Ndinawaonera pa mpanda akukapa madzi pakhomo ndi beseni. A Daka anali kale komweko, foni ili kukhutu, akusakasaka dalaivala uja.

"Ba Mbewe!" anafuula atandiona. "Mwaona? Nenze nakamba. Manje tifuna chabe tilipu imozi ya Bana Chanda."

Posakhalitsa Bana Chanda anazungulira ndi ndowa kudzapempha madzi otsukira m'nyumba, poti ku kiyosiki kunali kotseka. Amayi anga anachotsa lata lija, n'kuponya chigubu chawo chodula cha chingwe, n'kukoka, n'kukhuthulira m'ndowa.

Tonse tinawerama. Pamwamba pa madziwo pankayandama mitundu, yobiriwira, yofiirira, yachikasu, ikuzungulira pang'onopang'ono. Fungo linali lomwe lija linandilandira Loweruka.

Bana Chanda anabweza dzanja limene anali atatambasula.

"Ni pamwamba chabe," anatero a Daka, amene anali atafika kumbuyo kwathu. "Mukatapa kabili katatu izasila." Koma mawu awo anali atachepa, ndipo foni ija anali ataibweza m'thumba.

Amayi anatunganso, chimodzimodzi. Anaponyanso chigubu, ulendo uno n'kuchisiya chimire mpaka pansi, ndipo chinatuluka chingwe chili choterera.

Anayang'ana m'chitsimemo nthawi yaitali. Sanalire, sanandiyang'ane, ndipo ine ndinalibe mtima ngakhale pang'ono wokumbutsa munthu zimene ndinanena. Ndinangomva chisoni chosakanikirana ndi ukali. Kenako ananyamula ndowa ija, ndipo mwa chizolowezi miyendo inawatengera ku repu wawo. Atafika anaima. Anatembenukira ku geti, kumene ana a mumzere amasewerera m'matope, n'kuimanso. Anayang'ana ku mpanda wa Bana Chanda. Pomaliza anatembenukira kwa ine, ndowa ikadali m'manja.

"Iwe wamene uziba vintu," anatero motsitsa mawu, "aya manzi nikatile kuti?"

Pamene ndinkachoka ndowayo inali pakhonde, ataivundikira ndi beseni kuti nkhuku zisamwe.

Inu amene munayeretsa malo anu a mashopu, inu a majombo atsopano, nanunso aneba anzanga amene mukudikira tipa yanu ya mahala, ndowa ija ikadali pakhonde ku Kanyama. Amayi anga akufunsa. Akathire kuti?